Mphaka wa Atcheya ndi Ndiwo za Minga

Chaka chimene tinasamukira ku Misuku, mwana wanga woyamba anali asanayambe kukwawa. Bambo ake anawatumiza kukagwira ntchito ya zankhalango ku Mughese, ndipo tinapatsidwa kanyumba ka zipinda ziwiri m'munsi mwa phiri, pafupi ndi minda ya khofi. Nyumbayo tinaipeza ili kale ndi eni ake, makoswe. Iwo manyazi ngati anga analibe. Ankayenda pamitengo ya denga dzuwa likuswa mtengo, wina n'kuima kundiyang'ana ngati akufunsa kuti ndabwera ndi yani.

Za ufa ndi mtedza ndikanapirira. Koma m'mawa wina ndikusambitsa mwana ndinapeza kachidendene kake katalumidwa, timano tikuonekera bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamugoneka atavala masokosi a bambo ake, omufika mpaka m'ntchafu.

Mnansi wina anandiuza kuti mphaka wodziwa ntchito m'dera lonselo anali wa atcheya a amayi a chipani. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi chokha, ndipo atcheyawo ndiwo ankatisonkhanitsa kokonzekera magule, ndiwonso ankadziwa amene wagula khadi ndi amene akuzengereza. Anali mayi wamtali wa komweko, mawu ngati ng'oma, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka. Ine ndinali ndisanawayankhulepo mawu oposa "yewo", ndipo ngakhale yewoyo ndinkamunena ndikuyang'ana zala zanga za kumapazi. Choncho okabwereka mphakayo anali bambo a mwana. Anabwera naye m'thumba, chimphaka chotuwa cha khutu limodzi long'ambika. Komweko ankangomuti pusi.

Kwathu ku Ntcheu anandilera kuti chobwereka umachibweza chili bwino kuposa mmene unachitengera. Nanga ichi chinali cha atcheya. Ndinamupatulira mbale yakeyake. Ndikaphika usipa, woyamba kulandira anali iyeyo. Mnansi akandigawira timkaka, ndinkamuthirirako. Malo ogona anasankha yekha, pa chitenje changa chatsopano, ine osamuchotsa. Bambo a mwana akaweruka ankafunsa ali pakhomo ngati atcheya aang'ono adya kale, kuti nawonso asambe m'manja. Makoswe ankangodutsabe pamwamba, pusi n'kutsegula diso limodzi, kenako n'kulitseka. Ine ndinkati mwina akuzolowera kaye malo.

Ku ofesi ya khofi kunali mzungu wina wolangiza alimi, amene anali atangobwerera kwawo n'kusiya dimba lodzaza zinthu zosadziwika. Mdala wosamalira dimbalo anayamba kugawira anthu kuti zisaole. Tsiku lina bambo a mwana anabwera ndi zinthu zingapo m'chipewa, akuyenda monyadira. Anati azungu amazitcha atichoki, ndipo ndi ndiwo zapamwamba zedi. Zinkaoneka ngati chinanazi chosakhwima, masamba osanjikizana ngati mamba a nsomba, lililonse lili ndi kamunga kunsonga. Nditafunsa kaphikidwe kake, anandiyankha ngati mmene amayankhira amuna, kuti mumangophika.

Ndinaphikadi. Ndinaduladula zonse, minga, phesi ndi ubweya wa m'kati womwe, mpeni ukuchita kudandaula. Ndinathira chidulo kuti zifewe, phwetekere, nsinjiro, kenako tiusipa kuti pakhale kafungo. Zinada bii, osafewa. Bambo a mwana anatafuna chidutswa chimodzi kwa nthawi yaitali ngati ng'ombe yobzikula, anachilavulira m'manja mwaulemu, n'kunena kuti akumbukira kuti anadya kuntchito. Ine ndinaganiza kuti vuto ndi pakamwa pathu pachimudzi. Chakudya cha azungu chiyenera mlendo wolemekezeka, ndipo m'nyumbamo mlendo wotere analimo mmodzi. Ndinamudzazira mbale.

Fungo la usipa linamunyenga. Anadya mwachangu, kenako anaima, anatambasula khosi n'kuyamba kutsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Ankapala pakamwa ndi dzanja, malovu ali chuchuchu. Anandiyang'ana kamodzi, n'kutuluka kulowa m'khofi. Ndinamuitana mpaka dzuwa kulowa, koma moitana mwake mwa ine, motsitsa, kuopa kuti anansi angamve.

Kutacha kunalibe mphaka. Ndinafunsa bambo a mwana ngati zinthu zija sizipha. Iwo anati mzungu uja ankadya ndi batala ndipo wakwera ndege ali wonenepa. Ndinati mzungu si mphaka, iwo anavomera kuti pamenepo ndanena zoona, n'kunyamuka kupita kuntchito. Zotsala ndinaponyera nkhuku, nkhuku zinangozungulira. Mbuzi ya mnansi inadya zonse n'kunyambita mphika, koma mbuzi imeneyo inadyapo sopo wanga, umboni wake sukanandithandiza.

Ndinabereka mwana n'kukwera chitunda kupita kwa mdala wa kudimba uja. Ndinaima pampanda nthawi yaitali mpaka anandiona yekha. Nditafotokoza mmene ndinaphikira, anakhala pansi kaye kuti aseke bwino. Anathyola imodzi n'kundionetsa kuti chodyedwa ndi kamnofu ka m'tsinde mwa tsamba lililonse ndi kamtima ka pansi, ubweya ndi minga n'zotaya. Anati poizoni mulibe, iyeyo wakhala akulawa zaka zonsezi, koma ubweyawo umakanda kukhosi ndipo kanyama kakang'ono kangatsamwidwe nawo. Nditafunsa ngati mphaka angafe, anati mzunguyo ankaweta galu, za amphaka iye sakudziwa.

Ndinatsika ndi theka la yankho. Pobwerera ndinkasuzumira pansi pa mtengo wa khofi uliwonse. M'mutu mwanga ndinali nditaona kale zonse: atcheya ataimirira pamsonkhano, akunena kuti mkazi wa wazankhalango, wobwera uja, wosayankhula uja, wapha mphaka wawo ndi mankhwala. Nthawi imeneyo nkhani yaing'ono inkatha kukula mpaka kukafika ku Boma ku Chitipa. Ndipo ngakhale ikanapanda kukula, ndani akanandibwerekanso mphaka? Mwana anali kumsanaku, masokosi akulendewera.

Masana ake kunali kokonzekera magule pabwalo la sukulu, ndipo kumeneko sikunali kojomba. Ndinaima mzere wakumbuyo monga mwa masiku onse, ndikuvina ndi miyendo yokha. Atcheya ankayenda pakati pa mizere akuwongola zitenje za anthu. Atafika pa ine anangodutsa. Bola akanandikalipira.

Titamaliza, amayi akubalalika, ndinatsatira atcheya mpaka pansi pa mtengo pamene anakhala kuti apume. Ndinagwada. Mawu anatuluka onse nthawi imodzi: za chipewa, za minga, za nsinjiro, za mbuzi, za mdala wa kudimba. Ndinamaliza ndi kunena kuti mphaka wawo ndamudyetsa ndiwo za azungu ndipo sindikudziwa ngati ali moyo.

Atcheya anadabwa kuti ndimayankhula. "Kasi iwe umayowoya, mwana wane? Ine ndimati mwamuna wako anakwatira chithunzi."

Amayi awiri amene anali pafupi anaseka. Atcheya anati pusi anafika kwawo dzulo lomwelo, anasanza zaubweya pakhonde, anamwa madzi, ndipo m'mawa uno wagwira buluzi. Chimene chinawadabwitsa si kusanzako ayi, koma thupi. Anati poyamba sanamuzindikire, ankayesa kamwana ka nkhumba kalowa m'nyumba. Anandifunsa chimene ndinkamupatsa. Ndinatchula usipa, mkaka, nthawi zina dzira. Mmodzi wa amayi aja anapempha kuti nayenso ndimubwereke ngati pusiyo, akanenepe kwathu sabata imodzi.

"Ine ndinakubwereka mlonda, iwe wamusandutsa mlamu," anatero atcheya. "Pusi wokhuta agwire khoswe wa chiyani?"

Ndinafunsa, mawu ali pansi, ngati angandibwerekenso. Anandiuza kuti ndimasule mwana, anamuvula sokosi n'kuyang'ana kachidendene kaja, nkhope yawo n'kusintha. Anamubwezera sokosiyo okha, n'kundiuza kuti ndizipita, abwera.

Anabweradi dzuwa litapendeka, pusi ali m'khwapa. Analowa mpaka kuchipinda osadikira kuti ndiwalowetse, anayang'ana kudenga, anatenga mbale ya mphaka ija n'kuiika pathandala pamodzi ndi mbale zathu. Lamulo linali lakuti madzi okha, ndipo akalira ndizituluka panja kuti ndisamve. Zamasamba zilizonse ayi, za azungu kapena zathu, mphaka si mbuzi. Atcheyawo anauzanso bambo a mwana kuti chipewa n'chovala kumutu.

Pusi analira, ine ndinkatuluka panja monga anandiuzira, ndikumva ngati ndikulakwira boma. Koma pasanapite masiku ambiri, ndikusesa m'mawa, ndinapeza khoswe wamkulu atagonekedwa pakhomo la kuchipinda, mwini ntchito atakhala pambali akunyambita dzanja. Tsiku limenelo mwana anagona masana mapazi ali pamtunda.