Dzina la mayi Nkhoma pa sidi yathu

Ntchito yanga yoyamba ku Durban anandipezera malume anga a Jafali, amene ankasoka mayunifolomu ku Jacobs, dera lina la mzindawu. Pafupi ndi fakitale yawo panali kashopu ka makompyuta, ndipo mwini wake ankafuna munthu wodziwa kugwira sikuludiraiva. Malume anandilangiza chinthu chimodzi: "Chichewa uzisiya pa geti, mphwanga." Ndinamvera. Pa ntchito ndinali Joe, wolankhula Chingerezi ndi Chizulu chongotola m'mateksi.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndinkamanga makompyuta, kenako n'kuikamo Linux. Dongosolo limeneli ndi laulere, ndipo aliyense akhoza kusonkhanitsa mapulogalamu ake, kuwakonza mmene akufunira, n'kutulutsa mtundu wakewake. Bwana wathu anali ndi mtundu wake, womwe tinkaukopera pa masidi n'kumatapo chizindikiro cha shopu. Vuto linali modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ndi chingwe cha foni. Kasitomala akafika kunyumba, kompyuta inkakana kuimba foni yolowera pa intaneti, ndipo mawa lake ankabwera atakwiya.

Tsiku lina ndinapeza mankhwala ake pa sidi ya mtundu wina, wopangidwa ndi ophunzira a ku yunivesite. Kanali kapulogalamu kakafupi kamene kankafufuza kokha malo a pa kompyuta pamene modemu yalumikizidwa. Pamwamba pa fayiloyo panali mayina awiri, lina lachizungu, lina T. Nkhoma, ndi pempho loti wogwiritsa ntchito asawachotse. Dzina lachiwirilo linali la kwathu. Nkhoma! Ndinawonjezerapo mizere yoyenderana ndi mamodemu otchipa amene tinkagulitsa, ndipo zinayenda.

Bwana anasangalala mpaka pamene anaona mayinawo. "Dzina la kuti ili, Joe?" anandifunsa. Sipho, mnzanga wa pa benchi, anaseka n'kunena kuti ndi la anthu obwera aja. Ine ndinangoti, "Angazi," Chizulu chotanthauza kuti sindikudziwa. Bwana anati makasitomala sangakhulupirire sidi yokhala ndi mayina achilendo, choncho ndiikepo dzina la shopu. Ndinafufuta mizere iwiriyo ndi zala zanga, ndikudziuza kuti ndani angatsegule fayilo yobisika chonchi.

Paja amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Loweruka lina tinali ndi tsiku loikira anthu Linux mwaulere, ndipo shopu inadzaza. Kunabwera mayi wina wa magalasi atanyamula kompyuta ya mnzake. Nditamaliza kuika, iwo anakoka mpando, natsegula fayilo ya modemu ija. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa sikirini. Kenako anafunsa bwana m'Chingerezi kuti analemba ndani.

"Joe wathuyu," anatero bwana akundisisita paphewa. "Mutu wake umagwira."

Mayiwo anandiyang'ana, nayang'ananso sikirini. Anadzilankhulira chapansipansi m'Chichewa, osaganiza kuti wina angamve: "Koma anthu awa manyazi alibe."

"Pepani, mayi," pakamwa panga panayankha pokha.

Sipho anasiya sikulu imene ankamanga. Bwana anachotsa dzanja paphewa panga. Ine sindinadziwe chimene chinkandichititsa manyazi kwambiri, kuti anzanga andizindikira kapena kuti mayiwa andizindikira.

"Ndinu a kwathu?" anandifunsa. Ndinati eya, ku Mangochi. "Ndiye munaliwerenga bwinobwino dzina langa la Nkhoma, n'kulichotsa?" Sanakweze mawu. Anandiuza kuti iwonso theka la pulogalamuyo anabwereka kwa munthu wa kutsidya kwa nyanja amene sanamuonepo, n'chifukwa chake dzina lake linali pamwamba pa lawo. "Palibe amene anakulipiritsani, achimwene. Tinangopempha mayina."

Kenako anatembenukira kwa bwana n'kumuuza kuti akhoza kugulitsa masidi ake mmene angafunire, koma mayina abwerere. Bwana, poona anthu akumvetsera, anavomera msanga. Ndinakhala pansi n'kulembanso mizere iwiri ija. Nditafuna kutseka fayilo, mayi Nkhoma anandigwira mkono.

"Mizere ya mamodemu otchipayi si yanga. Ndi yabwino. Analemba ndani?"

Ndinati ndine.

"Lembani lanu pansipo."

Ndinalemba dzina langa lenileni, Yusufu Mdala, Sipho akuwerenga chilembo chilichonse kumbuyo kwanga. Kuyambira tsikulo sanadyenso nane chakudya chamasana, ndipo mwezi utatha bwana anandiuza kuti ntchito yachepa. Malume anandikalipira kwambiri, ndipo sindinawatsutse, chifukwa lendi ankalipira ndi iwo.

Ndagwira ntchito ya mapulogalamu kuyambira nthawi imeneyo, ndipo ndimabwereka tsiku lililonse, monga amachitira aliyense pa ntchitoyi. Ndikatsegula fayilo ya munthu wina, ndimayamba ndawerenga mayina a pamwamba, ngakhale ovuta kutchula, ndipo sindiwakhudza. Ntchito ija inandipweteka kuitaya, koma chimene chimandiwawabe ndi chakuti m'shopu monse muja, munthu yekhayo amene ankadziwa katchulidwe ka dzina la Nkhoma ndi amene analifufuta, ineyo.