A Ambrosi ndi Chimwala cha ku Soche

A Ambrosi, aneba anga kuno m'munsi mwa phiri la Soche, ntchito yawo ndi kuswa miyala. Anachokera ku Nsanje, kuthawa madzi osefukira. Amati kumudzi kwawo ndi matope okhaokha, ngakhale mwala wogendera galu umasowa. Atafika kuno n'kuona miyala mbwee, anagula hamala, basi ntchito inapezeka. Hamala yomweyo ndi imene yaphunzitsa mwana wawo Jesinta, yemwe pano ndi mphunzitsi ku sekondale.

Chaka chatha mvula inakokolola dothi pansi pa chimwala china kumtunda kwa nyumba yawo, chinangotsala chili pendekete. Tinawauza kuti asamuke dzinja lisanafike. Mdala uja makani!

"Ndinathawa madzi, ndithawenso mwala? Ndilowera kuti?"

Ine zinandinyansa kwambiri, chifukwa chikaphwanya nyumba yawo, yotsatira ndi yanga. A Ambrosi anayesa kuchiswa ndi hamala, koma inkangonjanja.

Jesinta atabwera anachisisita chimwalacho. "Bambo, musachiderere ichi. Poyamba dziko linali phala la moto, pamwamba pake n'kuzizira, n'kuuma. Mwala uwu unaumira pansi penipeni, pang'onopang'ono. Mvula yakhala ikukokolola za pamwamba mpaka unatulukira."

"Ndiye unabadwira m'moto?" anatero a Ambrosi. "Chabwino, tiukumbutsa kwawo."

Oswa miyala ali ndi njira yawo. Mwala ukakana hamala amauwotcha, ukatentha n'kuuthira madzi ozizira, umang'ambika wokha. A Ambrosi anatenga sabata akutsamiritsa chimwalacho ndi miyala ina kuti chisagubuduke. Kenako anaunjika nkhuni ndi matayala akale, n'kuyatsa m'mamawa. Utsi wake, zovala zanga pachingwe zinachita kuda bii!

Masana chitatentha, azimayi tinathamangira kumpope ndi ndowa. Kalanga ine, mumpope munkangotuluka mphepo! Madzi anali atasiya. Tinabwerera ndowa zili gwaa, nkhuni zatha, moto ukuzirala, ndipo kumwamba kunali kutada. Mvula imene tinkaiopa ija inali itafika, chimwala chidakali chathunthu pamwamba pa nyumba zathu. Ndinawalalatira a Ambrosi, uku ndikupemphera. Mantha anali atandigwira zenizeni.

Mvula inagwa yamphamvu. Chimwala chinafuka nthunzi, kenako tinangomva phwaa! Ndinatsinzina. Potsegula maso, chinali chitagawika zidutswa, chilichonse chitakhazikika pa miyala imene anatsamiritsa ija. Palibe chinagubuduka.

Zidutswazo anaziswa ndi hamala mosavuta, ndipo pano ndi khoma lotchinga madzi kuseri kwa nyumba zathu ziwiri. Koma chimene sindiiwala ndi mdala uja ataima pamvula, chipewa chili m'manja, akuseka ngati mwana.

"Mayi, madzi andithamangitsa moyo wanga wonse," anandiuza. "Lero andigwirira ganyu."