Manja Amene Anachotsa Mayi Changu Pampando

Tsiku limene Mayi Changu anachotsedwa paudindo wa wapampando, manja amene anakwera m'mwamba anali makumi anayi ndi atatu. Ena mwa manjawo anali a amayi amene iwo anawaperekezapo kuchipatala, ena a abambo amene anawatola akulira pakhonde. Palibe amene anawayang'ana kumaso.

Ananyamula chikwama chawo, nakankha njinga ya olumala ya mwana wawo wamkazi mpaka panja. Sanalire. Misozi inadikira mpaka atafika kunyumba.

Ngati munagwapo pamaso pa anthu amene munkawatumikira, nkhani iyi ndi yanu.

Bungwelo analiyambitsa ndi iwo omwe. Linali la makolo a ana aulumali, ndipo silinali lopanga phindu. Mwana wawo anabadwa miyendo ili yofooka, ndipo kwa zaka zambiri ankamusunga m'nyumba poopa maso a anthu. Kenako anapeza amayi ena atatu a vuto lomwelo, nayamba kukumana Lachitatu lililonse m'chipinda chakuseri kwa malo opalira matabwa. Ankayala mateti pansi n'kumawongola manja ndi miyendo ya ana, utuchi ukulowa pawindo. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, mamembala anapitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo anasankha bodi ya anthu asanu ndi awiri yoyendetsa zinthu.

Dzina lakuti Changu anawapatsa ndi mamembala, chifukwa mayiyu sankadziwa kudikira. Anzawo akamati tiyeni tikambirane, iwo amakhala atachita kale. Amuna awo, owotcherera zitsulo, ankaseka kuti ngakhale tsiku la ukwati wawo mkwatibwi anafika mkwati asanavale nsapato.

Changu chomwecho n'chimene chinawagwetsa. Munthu wina wakufuna kwabwino anapatsa bungwelo nyumba yaulere, yamatailosi, ya chimbudzi cham'kati ndi mawindo akuluakulu. Mayi Changu anaitanitsa bodi masana omwewo, ndipo pofika Lachitatu katundu yense anali atasamutsidwa. Mamembala anangomva kuti malo asintha.

Nyumbayo inali pamwamba pa chitunda, kutali ndi pamene basi imaima. M'miyezi itatu, ana obwera anatsika kufika pa khumi ndi asanu. Mayi Changu ankati anthu ndi osayamika. Msonkhano waukulu wa pachaka utafika, mayi wina wochapa zovala m'makomo mwa anthu anaimirira n'kupempha kuti bodi yonse ichoke. Umu ndi mmene manja aja anakwerera.

Kwa miyezi iwiri Mayi Changu sanaponde kubungwe. Ankasesa pomwe asesa kale, kupukuta mbale zouma. Likafika Lachitatu, mwana wawo ankadzikwawitsa mpaka pakhomo n'kumayang'ana kumsewu. Tsiku lina amuna awo anavula magalasi owotcherera, nakhala pambali pawo.

“Mayi a mwana,” anatero, “pampando anachotsa inu. Uyu sanamuchotse.”

Lachitatu lotsatira anapita. Bungwe linali litabwerera m'chipinda cha utuchi chija. Atalowa, macheza anaduka. Iwo anapereka moni, nakhala pateti lakumapeto, nayamba kuwongola miyendo ya mwana wawo ngati membala wina aliyense. Anthu atabalalika, anatsala n'kumapinda mateti. Mlungu wotsatira anachitanso chimodzimodzi, ndi winawo.

Wapampando watsopano anali mphunzitsi wopuma pantchito, bambo wofatsa amene anali ndi mdzukulu wosamva. Ataona zimene zinagwera mnzake, analumbira kuti sadzachita kanthu popanda kufunsa mamembala onse. Mamembala nawo anakhazikitsa lamulo lakuti chilichonse chizipita kumavoti. Poyamba zinkakoma. Koma posakhalitsa misonkhano inayamba kudya nthawi ya ana. Nkhani yakuti agule matsache aatali kapena aafupi inatenga maola awiri, ndipo inatha popanda tsache. Bambo wina anaseka kuti posachedwa azivotera ndi kutsegula zenera. Aphunzitsi anafunsa ngati alipo wotsutsa, anthu n'kufa nacho chiseko, koma ana anali atagona pamateti osawongoledwa.

Mayi Changu mumtima ankati, mwaona nokha.

Tsiku lina mvula itagwa, anaona mayi wochapa zovala uja akuvutika kubereka mwana wake wa zaka khumi ndi chimodzi. Msana unali utamugwira. Amuna a Mayi Changu anali atabwera kale ndi kagalimoto kawo kakutha n'kupita ndi mwana wawo, choncho Mayi Changu anati amubereke mwana wa mnzawoyo mpaka kwawo. Wochapa zovala anakayika pang'ono, koma anavomera.

Sanayende mtunda wautali pamene miyendo inayamba kunjenjemera. Mwanayo anali wolemera, ndipo nsalu inkawadula pachifuwa. Njira yawo inadutsa m'munsi mwa chitunda chija. Mayi Changu anaima, ali wefuwefu, nayang'ana kumtunda kumene denga la nyumba yamatailosi linkaonekera. Apo m'pamene anakumbukira kuti iwo sanakwerepo chitundacho wapansi ngakhale kamodzi. Nthawi zonse ankatsikira pakhomo penipeni.

Anafunsa mnzawoyo kuti ankatenga nthawi yaitali bwanji kuti afike pamwamba. Iye anati ola lathunthu, akapumira katatu.

“Nanga bwanji simunandiuze?”

“Munatifunsa liti, mayi? Nyumba ija inali yabwino, sitikana. Koma ife munatinyamula ngati mateti.”

Mawu amenewo anawalasa kuposa mavoti aja. Anafika kwa mnzawoyo, natsitsa mwana, napepesa. Kanali koyamba kupepesa chichokereni pampando.

Patapita milungu ingapo, mwayi waukulu unagogoda. Namwino wina wodziwa bwino zolimbitsa matupi a ana aulumali anadzipereka kuti azibwera Lachitatu lililonse kwaulere. Chimene ankafuna chinali kalata yochokera kubungwe, yoti ifike kuntchito kwake lisanadutse Lachisanu. Aphunzitsi anaigwira kalatayo, cholembera chili m'manja, koma anati sangasaine mamembala asanavote. Msonkhano unaitanidwa Loweruka. Onse anavomera ndi manja awiri, koma nthawi inali itatha. Namwinoyo anali atapatsidwa kale malo ena.

Lachitatu lotsatira anthu anayamba kulozana zala. Ena anatembenukira kwa Mayi Changu n'kuwapempha kuti abwerere pampando, azilamula ngati kale, chifukwa nthawi yawo zoterezi sizikanachitika.

Awa anali mawu amene anawalakalaka kwa miyezi yambiri. Koma anayang'ana wochapa zovala uja, nayang'ana Aphunzitsi amene anali atazolika, ndipo anaimirira pang'onopang'ono.

“Mukandibwezera mmene ndinalili, mudzandichotsanso, ndipo mudzakhala mukulondola,” anatero. “Ine ndinalakwa posakufunsani. Aphunzitsi sanalakwe, tinawamanga manja ndife. Tiyeni tigwirizane kuti ndi ziti zofunsa tonse, ndi ziti zowasiyira amene tawasankha.”

Kunena kunali kosavuta. Ntchito yake inatenga miyezi isanu. Mayi Changu, Aphunzitsi ndi wochapa zovala anayenda khomo ndi khomo, wapansi, kufunsa membala aliyense zimene sangalole kuti zigamulidwe iye kulibe. Kwina ankalandiridwa ndi mpando, kwina ankawayankhira pazenera. Agogo ena olera mdzukulu anawauza kuti iwo za matsache alibe nazo ntchito, koma wina akadzasintha tsiku lokumana osawauza, adzamutsata ndi ndodo mpaka kwawo.

Malamulo oyamba amene analemba, mamembala anawakana. Anati akununkha ulamuliro wakale. Achiwiri anawakananso, chifukwa sanalembemo njira yochotsera bodi ikasokonekera. Madzulo a tsiku limenelo Mayi Changu anauza amuna awo kuti atopa, ndipo basi, awasiye anthuwo adzionere okha. Amunawo anangoti chitsulo chikakana kugwirana kawiri, iwo sataya, amapala dzimbiri n'kuwotchereranso. M'mawa mwake mayiyo anatenganso cholembera.

Ulendo wachitatu malamulowo anadutsa. Mamembala anasunga m'manja mwawo zinthu zikuluzikulu: kusankha ndi kuchotsa bodi, kusamutsa malo, kusintha tsiku lokumana, ndi kusintha malamulo enieniwo. Zatsiku ndi tsiku, makalata, kulandira odzipereka ndi zonse zofuna changu anazisiya m'manja mwa bodi. Koma bodi inayenera kufotokoza mwezi uliwonse zimene yachita, pakamwa komanso papepala lomata pakhoma. Ndipo mamembala khumi akagwirizana, ankatha kuitanitsa msonkhano n'kuifunsa bodi mafunso, ngakhale kubweza zimene yagamula.

Pachisankho chotsatira Mayi Changu anapikisana nawo. Anapambana, koma mwa apo ndi apo, ndipo wochapa zovala anakhala wachiwiri wawo. Aphunzitsi anapempha okha ulembi, ponena kuti cholembera amachidziwa bwino kuposa mpando.

Mayeso sanachedwe. Mayi Changu ankafunitsitsa kutsegula nthambi ina kutsidya kwa tauni. Anakonza zonse bwinobwino, nafotokoza mpaka mawu kusasa. Mamembala anamvetsera, kenako anavota kuti ayi, nthawi sinakwane. Aliyense ankadikira kuti aone ngati mayi wakale uja adzuke. Iwo anathokoza, nauza mlembi kuti alembe kuti nkhaniyo yakanidwa. Kunyumba anadandaula mlungu wathunthu, koma kubungwe sanaiyambitsenso.

Chaka chisanathe, namwino wina anamva za bungwelo n'kubwera kudzadzipereka. Bodi inakumana pomwepo, itaimirira pakhonde, ndipo kalata inasainidwa tiyi wa mlendoyo asanazizire. Lachitatu lotsatira inafotokozera mamembala, ndipo panalibe wodandaula.

Namwinoyo anapempha zitsulo ziwiri zogwirira poyenda. Amuna a Mayi Changu anaziwotcherera, nazikhomerera pansi. Patatha miyezi isanu ndi iwiri, mwana wa wochapa zovala anagwira zitsulozo, nadzikoka, naimirira yekha kwa nthawi yoyamba pamoyo wake. Mayi ake anakhala pansi n'kubisa nkhope m'nsalu. Mwana wa Mayi Changu sanafike poimirira, koma lero amadzikankha yekha panjinga, ndipo amakalipa wina akafuna kumuthandiza.

Bungwelo lilipo mpaka pano, ndipo mamembala apitirira zana. Amakangana ndithu, nthawi zina mpaka mawu kukwera, koma ana amawongoledwa pa nthawi yake.

Inu amene mukuwerenga, mwina munachotsedwa paudindo, mwina munalakwitsa zinthu anthu akuona, ndipo manyazi akukutsekerani m'nyumba. Tulukani. Bwererani kumene munagwera, ngakhale mukakhale kumbuyo. Funsani chimene munalakwa, ndipo yankho likawawa, limvereni. Ngati ndinu mtsogoleri, musaope kufunsa anthu anu. Ngati munasankha mtsogoleri, mupatseni mpata agwire ntchito, kwinaku mukumuyang'anira. Kugwa kamodzi sikunathetse ntchito yanu, ndipo pali anthu amene akukudikirani. Musataye mtima, dzukani mukayambirenso.