Anandimeta Theka la Mutu

Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, wakhala akumeta anthu zaka makumi atatu m'kachipinda kopanikizika pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa mafoni. Muli mpando umodzi wozungulira, benchi, galasi long'aluka pakona, ndi wailesi imene palibe anaimvapo bwino, chifukwa mwini wake salola chinthu china kulankhula iye alipo. Dzanja lake ndi labwino, zimenezo ndivomera. Koma milandu ndili naye yambiri.

Ine ndinaphunzitsa sukulu mpaka kupuma, koma kwa iye ndine "Adikishonale". Anandimetapo nsidze imodzi mawa lake kuli ukwati wa mwana wanga. Anandilembapo chilembo kunkhongo ndi mashini ometera, ine n'kuyenda nacho tsiku lonse osadziwa. Ndikadandaula, aliyense amangoti, "Ndi chilamu chimenecho, musakwiye." Ndinakwiya, ndipo sindinaleke.

Kwawo kuli matenda akumtundu. Timitsempha ta magazi ta mu ubongo timauma n'kupanikizika munthu asanakalambe. Mayi awo anafa ziwalo asanamere imvi, amalume awo chimodzimodzi. Atawayeza, mkazi wanga anapezeka kuti alibe, mlamu wanga ali nawo. Ndinamuperekeza kuchipatala ndine, poti iye akamva mawu aatali amayamba kuyang'ana tsitsi la wolankhulayo.

Dokotala anati, "Bambo, chimfine chachikulu kapena matenda ena a mavairasi otenthetsa thupi, kwa inu si masewera. Thupi likamalimbana nawo magazi sachedwa kuundana, ndipo njira zanu n'zopapatiza kale. Sitiroko imatha kulowera pomwepo. Bayitsani katemera, mukadwala pumani, ndipo pakamwa pakakhota kapena dzanja likalemera, thamangirani kuno."

Ndinalemba zonsezo papepala ndi dzanja langa labwino n'kumata pagalasi lake. Sabata isanathe anali ataphimbapo ndi chithunzi cha masitayilo a tsitsi.

"Alamu," anatero, "anthu amabwera kudzaona nkhope zawo, osati homuweki."

Nyengo yozizira itafika, msewu wonse unayamba kutsokomola. Wometa sangathawe, mutu uliwonse umamupumira pafupi. Loweruka m'mawa ndinamupeza maso ali psuu, thukuta lili kamukamu, mpango uli m'khosi.

"Katemera uja munabayitsa?"

"Ndi chimfine chabe, Adikishonale. Khalani pansi, imvizi zikuopseza ana."

Ndinakhala. Pabenchi panali wosoka nsapato uja, amene amathera tsiku lake pamenepo ngati nsapato zimadzisoka zokha. Mlamu wanga anayamba kumanja, akusimba za kasitomala amene anagona tulo pampando. Pakati pa nkhani mawu anayamba kukokeka. Chipeso chinagwa pansi, iye osachitola. Anapitiriza kupala mbali yomweyo mpaka kuyera, kenaka anazimitsa mashini n'kundikutumula nsalu.

"Mwatha, bwana."

Ndinayang'ana pagalasi. Kumanja mpala, kumanzere tchire.

Wosoka nsapato anagwa ndi phwete. "Wakuchitaninso! Mayo ine, chilamu chake chakula chaka chino!"

"Nanga kumanzereku?" ndinafunsa, mtima utawira kale.

"Kumanzere kwake kuti?"

Apo ndinasiya kuyang'ana mutu wanga n'kuyang'ana nkhope yake. Zachipongwe zake zonse ndimazikumbukira, tsiku ndi malo, ndipo ndikudziwa kuti munthuyu satha kubisa. Akandichita chipongwe masaya onse awiri amanjenjemera, amathawira kuseri kwa mpando kukaseka. Tsikulo anangoima. Mbali imodzi ya pakamwa inali italendewera ngati thumba la malaya akale.

"Kwezani manja onse awiri."

"Aphunzitsi ayamba kalasi," anatero wosoka nsapato, akupukuta misozi.

"Inu khalani chete! Alamu, kwezani."

Lamanja linakwera. Lamanzere linangogwedezeka n'kubwerera pantchafu.

"Mwina alawako m'mawa uno," anatero wosoka nsapato, koma kuseka kunali kutatha.

"Samwa. Itanani wa mafoniyo abweretse galimoto, msanga!"

Kuchipatala namwino anayang'ana mutu wanga kaye n'kufunsa kuti wodwala ndi uti. Zimenezonso ndazisunga. Kenaka anafunsa nthawi imene zinayamba, poti thandizo lake limadalira nthawiyo. Ndinati anamaliza kundimeta theka lija patadutsa mphindi makumi awiri kuchokera naini koloko. Anadabwa kuti ndadziwa bwanji. Ndinamuuza kuti munthu akandilakwira ndimayang'ana wotchi.

Inalidi sitiroko. Dokotala anati tinafika msanga, ndipo anandifotokozera kuti ubongo ukavulala mbali imodzi, munthu amatha kuiwaliratu kuti kumanzere kuli zinthu. Mlamu wanga sananame. Kwa iye mutu wanga unathera pakati.

Anagona kuchipatala masiku khumi. Atatuluka, mkazi wanga ankamukhazika pakhonde n'kumupatsa mabatani kuti azitola ndi dzanja lofookalo. Iye ankatukwana mabataniwo limodzilimodzi, chimene chinatilimbitsa mtima.

Ine ndinagula chipewa. Mkazi wanga anandichonderera kuti ndipite kwa wometa wina. Ndinakana. Ntchito anaiyamba ndi mlongo wake, aimalize yekha. Ndinauzanso mwini wakeyo maso ndi maso, ndipo tsiku lililonse ndinkavula chipewa pamaso pake kuti aone mlandu wake ukukula.

Patapita miyezi iwiri mlamu wanga anatsekulanso kachipinda kaja. Pepala langa linali pagalasi, pamwamba pa masitayilo, ndipo anandionetsa pamkono pamene anamubaya katemera ngati ndi mendulo. Anagwira chipeso ndi dzanja lamanzere. Chinanjenjemera, koma sichinagwe. Anayambira kumanzere. Anatha ola lathunthu.

Pomaliza anandigwirira kagalasi kunkhongo. Pakati penipeni anasiyapo kanjumba ka imvi ngati mchira wa kamwana ka mbuzi.

"Ichi n'chiyani?"

"Kukula kwa matenda, alamu. Sindikuona bwino pamenepo."

Ndinamuyang'ana pagalasi lalikulu. Masaya onse awiri anali kunjenjemera, lamanzere motsalira pang'ono. Ndinayang'ana wotchi, inali teni koloko ndendende, ndipo ndinavala chipewa changa.