Chingwe chimene tinkayanika pathanthwe

Ambrósio anabadwira ku Malowera, koma anakulira ku Zambia, kumene makolo ake anathawira nkhondo. Kumeneko anagwira ntchito pafamu ina yothirira, akunyamulira mmisiri wa magetsi zipangizo, mpaka ntchitoyo anaidziwa ndi manja. Atabwerako anakhazikika ku Fíngoè. Amalima chimanga ndi kuweta mbuzi ngati ife tonse, koma sola ya munthu ikafa, amapita nayo kwa iye. Amayenda motsimphina, ndipo salankhula zoti anthu akondwe.

Ine ndili ndi dzenje la golide kuseri kwa phiri, limene ndimakumba ndi mkamwini wanga Eusébio ndi mbale wake Belarmino. M'dzenjemo mumadzaza madzi, ndiye tinagula jeradoli yopangira magetsi, bomba yopopera madzi, ndi chingwe chamagetsi chachitali cholumikiza ziwirizo. Lamulo loyanika chingwecho ndinaika ndine. Ndinkadziwa kuti madzi ndi magetsi sizimvana, choncho tikatha kupopa tinkachitambasula pathanthwe, monga amayi amayanikira ufa, kuti chiume bwino. Nthawi zina chinkagona pamenepo sabata yathunthu. Tinachita zimenezi zilimwe ziwiri.

Ambrósio anachiona chingwecho mwezi wotentha wa Outubro, mvula isanagwe, akufuna mbuzi yake yosokera.

"Akulu, chingwe ichi mwachipha," anatero.

"Tikuchiumitsa," ndinayankha.

"Dzuwa limadya pulasitiki. Si kutentha kokha ayi. M'kuwala kwake muli mphamvu yosaoneka, imene imalowa m'khungu la chingwe n'kuliumitsa mpaka ling'aluke. Simunaonepo chidebe chosiyidwa panja chikuphwanyika ngati chigoba cha dzira?"

"Chidebe n'chidebe. Kafuneni mbuzi yanu, a enjinyero," anatero Belarmino, ife n'kuseka.

Ambrósio sanaseke. Anapinda chingwecho ndi zala, pachikhatho pake panatsala fumbi lotuwa. Anandionetsa, ine ndinayang'ana kumbali.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembro, ndipo m'mawa mwake dzenje linali ndi madzi ofika m'chiuno. Tinaliza jeradoli. Bomba inapopa pang'ono n'kutsamwa ndi matope, choncho Eusébio anavula malaya kuti atsike akaisunthe. Jeradoli sitinaizimitse, poti ikazima imavuta kulira.

Ndipamene ndinaona Ambrósio akukwera mtunda, wosaitanidwa ndi munthu. Mvulayo ndiyo inamutulutsa kunyumba, anali atakumbukira chingwe chathu. Ankakuwa akutambasula manja, koma phokoso la jeradoli linameza mawu ake. Eusébio anali kale pamakwerero, chingwe chonyowa chikulendewera pambali pake. Phazi lake linaterereka pathabwa lomaliza. Anagwera m'madzi, dzanja n'kugwira chimene chinali pafupi.

Sanakuwe. Anangouma, khosi litapindikira kumbuyo, mano ali pamtunda, dzanja litakanirira pachingwe.

"Mano, mbale wanga!" anafuula Belarmino, akuthamangira makwerero kuti akamukoke.  Ine ndinaimirira pamenepo ngati chitsa, ndikuyang'ana bambo wa adzukulu anga.

Ambrósio anafika pakamwa pa dzenje, anamugwira Belarmino pakolala n'kumuponya m'matope.

"Ukamukhudza mufa awiri!"

Jeradoli inali patali mapazi makumi awiri, kumtunda kwa thanthwe loterera. Anathamanga ndi mwendo wake wovutawo, anagwa, anakwawa, n'kuzula chingwe pajeradolipo. Titasuzumira, Eusébio anali atamasuka, nkhope ili m'madzi.

Tinamutulutsa atatu. Ambrósio anamugoneka chagada, anaika khutu pakamwa pake, kenako anayamba kumudina pachifuwa ndi manja awiri, akuwerenga mokweza m'Chinsenga. Belarmino ankalira. Ine ndinkaganiza za mawu amene ndikamuuze mwana wanga Quitéria. Ambrósio anafika makumi atatu, anamuuzira mpweya, anayambanso. Ulendo wachitatu Eusébio anatsokomola n'kusanza madzi amatope.

Ambrósio anakhala pansi, mawondo akutuluka magazi. Sananditukwane. Anangoti, "Akulu, pezani njinga yamoto, apite kuchipatala tsopano lino. Mtima wogwidwa ndi magetsi umatha kuimanso panjira."

Mtimawo sunaimenso. Eusébio ali moyo, koma zala ziwiri za dzanja lake lamanja zinapindika ndipo sizitambasuka. M'dzenje satsikamo. Amalima ndi Quitéria kudimba, khasu akuligwira ndi zala zitatu.