Mapiritsi amene ndinampatsa Esinati

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, msana utauma chifukwa chogonera thumba la feteleza pa siwa. Chisanu cha ku Nathenje chinkalowa mpaka m'mafupa. Moto wa amuna unali utasanduka phulusa, wa amayi kuseri unali utayamba kufuka. Tinkaika Tadala, mwana wa mlongo wanga Esinati, wa miyezi isanu ndi iwiri.

Ine ndimagulitsa pamsika wa Mitundu: mabatire, mankhwala a makoswe, mapiritsi a mutu ndi a njoka za m'mimba. Pakamwa ndiye ndinadalitsidwa. Ndinagulitsapo jekete mu Okutobala, wogulayo n'kuthokoza. Chaka chatha Esinati anabwera pabenchi panga akudandaula m'mimba. Ndinati ndi njoka, ndinampatsa mapiritsi mowirikiza, poti wachibale sumupimira. Anali ndi pakati pa mwezi umodzi. Kwathu mimba yaing'ono siinenedwa, ndipo mlongo wako sumufunsa zotero. Iye anasunga mwambo, ine ndinasunganso.

Mwana anabadwa ndi mtima wobowoka. Kuchipatala ndinamukokera pambali dokotala wina n'kumuonetsa kapaketi ka mapiritsi aja. Anati mwina, mwina ayi. Ena amakayikira kuti mankhwala otere angasokoneze mwana akamaumbika, komanso zimachitika popanda mankhwala. Ndinanenerera ngati pamsika kuti atsitse afike pa ayi. Sanatsitse.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena pa kabaza, ena pangolo. Mphepo inkaulutsa masamba amene tinaika pamsewu. Adzukulu anabwera kudzanena kuti kumanda atha msanga, dzenje lake linali laling'ono. Ndikupita kukasamba m'maso ndinamva amayi awiri akuchimuna akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Ankati zilema zotere ndi zakumtundu kwa mkazi, mwana wawo asadzaberekenso naye, maliro akatha abwerere kwawo. Mayi wina wokalamba anandigwira dzanja kundipepesa, kenako anafunsa ngati ndanyamulako aja a njoka, adzukulu ake akukanda. Dzanja langa linapita lokha m'thumba.

Bokosi ananyamula munthu mmodzi, alamu anga, bambo a mwanayo, m'manja ngati wailesi. Tinadutsa m'munda wa fodya wozulidwa, fumbi likutilowa m'kamwa.

Kumanda anaitana malume a mwana kuti afotokoze za matenda. Malumewo ndine. Usiku wonse ndinali nditakonza mawu: kuti si magazi a Esinati okha amene angakayikiridwe, alipo mapiritsi, ndipo anachokera m'manja awa. Nditaimirira ndinaona nkhope zisanu kapena zisanu ndi imodzi za anthu ogula pabenchi panga. Pakamwa panagwira ntchito yake. Ndinayamika achipatala, ndinayamika akumpingo, ndinati wopereka ndi yemwenso watenga. Anthu anavomera ndi mitu. Mkulu wina anandigwira chanza, akuti ndikanakhala m'busa.

Madzulo anthu anabalalika. Pabwalo panatsala mafuwa akuda ndi mabenchi a kutchalitchi osabwezedwa. Alamu anaitanidwa kunyumba ya amayi awo, ndipo sanabwerere msanga. Ndinalowa kukatsanzika. Esinati anali pamphasa, akupinda matewera limodzilimodzi, kuika m'chikwama momwe munali kale zitenje zake. Sanadzutse mutu.

"Mwalankhula bwino, achimwene," anatero. "Inu nthawi zonse mumalankhula bwino."