Foni ya Chete

A Metroni anayang'anira atsikana ogonera pasukulu kwa zaka makumi awiri, ndipo zaka zonsezo sanakhulupirirepo mwana aliyense. Makalata obisa m'masokosi, zopaka milomo m'chitini cha polishi, zonse ankazitulukira. Kumbali ana ankawatcha a Mphuno.

Mafoni a ana ankakhala m'kabati mwa a Metroni. Loweruka masana mwana aliyense ankaloledwa kuimba kwawo mphindi khumi, iwo ali pomwepo akusoka, makutu ali tcheru. Wogwidwa akulankhula ndi chibwenzi ankamulembera lipoti, ndipo lipoti la a Metroni linkatanthauza kulongedza sutikesi.

Chaka china kunabwera mtsikana wochokera kutali, ulendo wa masiku awiri pa basi, wa mtundu umene panalibe wina pasukulupo. Akatsegula pakamwa anzake ankafa nazo nseko, mpaka anangotseka pakamwapo, dzina n'kusanduka Chete. Koma Loweruka Chete ankasanduka wailesi. Akalandira foni yake ankatembenukira kukhoma n'kumalankhula chakwawo osapumira, kuseka, mwina kupukuta misozi.

A Metroni zinawasowetsa mtendere. Sankatolapo ngakhale liwu limodzi, ndipo kusamvako kunkawawawa kuposa dzino lobooka. Ndi kholo liti lingamvetsere mphindi khumi osadula mwana mawu, osafunsako za mayeso? Ameneyo ndi mwamuna basi. Lipoti analemberatu, anangosiya malo a dzina la mwamunayo.

Loweruka lotsatira anaika singano pansi, n'kutsomphola foniyo nkhani ili mkati.

"Halo? Ndinu ndani bambo inu?"

Kunali zii. Anayang'ana foni ija, inali yakuda bii. Anadina apa, anadina apo, osayaka.

"Iwe, umalankhula ndi ndani?"

"Palibe, amayi," anayankha Chete, maso ali pansi. "Kwathu kulibe netiweki. Batire inatha mwezi woyamba womwe."

"Nanga zonse zija?"

"Kogona ndikalankhula chakwathu amandiseka. Muno mokha ndi mopanda wondiseka. Ndikuopa kuti ndikadzabwerera, lilime lidzakhala litauma, mayi anga n'kumandiona ngati mlendo."

A Metroni anachita manyazi, chinthu chimene anali atachiiwala kalekale. Lipoti lija analikankhira pansi pa nsalu zosoka. Kenaka anayang'ana wotchi yapakhoma, n'kumubwezera mwanayo foni yake yozima.

"Zatsala mphindi zinayi," anatero, akutola singano. "Malizitsa, usawadikiritse mayi ako."